Kujambula moyo wa anthu popanda kuwauza chochita

Ntchito ya kamera ndinaiyambira m'maukwati, monga anzanga ambiri muno mu Lilongwe. Loweruka lililonse m'mawa kutchalitchi, masana pakapinga kukatola zithunzi, madzulo kuholo mpaka perekaniperekani atatha. Ntchito imeneyo ndimaipatsa ulemu, chifukwa ndi imene inandigulira kamera yoyamba ndi kundilimbitsa mkono kuti usamanjenjemere. Koma paukwati wojambula ndi bwana. Ukati, "Akwati, tabwererani pakhomo mulowenso," amabwerera. Ukati amwetulire, amamwetulira. Aliyense amabwera atatchena podziwa kuti kuli kamera, ndipo amafuna kuti imuone.

Filimu yoonetsa moyo ndi miyambo ya anthu, imene pantchito timaitcha documentary, kapena ethnographic film ikakhala yozama pa chikhalidwe, ndi nkhani ina. Mayi woumba mbiya saumbira iwe, akuumbira msika. Ng'oma ikalira pabwalo siidzabwereza chifukwa choti batire lako linatha. Achinyamata ambiri amene amandipeza amayamba ndi funso la kamera yoti agule, ndipo ndimawayankha ndithu, koma zimene zimapatsa moyo filimu yotereyi ndi ziwiri zina: kudziwa chimene chichitike chisanachitike, ndi kuloledwa ndi eni ake kuti ukhale pafupi pamene chikuchitika. Mabatani onse a pakamera amangothandizira ziwirizi.

Amene anandilowetsa m'njira imeneyi ndi bambo wina wachikulire amene anagwirapo zaka zambiri ntchito yojambula nkhani za pa TV. Sanandipatse buku. Ananditumiza ku Mchesi kwa amisiri okhoma zidebe ndi mbaula, n'kundiikira malamulo: lenzi imodzi, osakhudza zoom, osafunsa mafunso pa kamera, osaika nyimbo, osamuuza mmisiri kuti abwereze kalikonse. "Mphwanga," anatero, "ubwere ndi mphindi zitatu zoti munthu amene sanaonepo mbaula aonere n'kudziwa mmene imapangidwira. Ukafuna kuona pafupi, miyendo uli nayo."

Ndinakhala pashedi ya mmisiri osatulutsa kamera mpaka nditaloweza ntchito yonse. Amayamba ndi kuwongola lata, kulilemba ndi msomali, n'kulidula ndi chisizasi chachikulu. Kenako amalipinda pachidutswa cha njanji, amalumikiza m'mphepete pogogoda pang'onopang'ono ndi hamala, amaboola timabowo todutsa phulusa, n'kumalizira ndi zogwirira ndi tizitsulo tokhazikapo poto. Nditaloweza ndondomekoyi ndinaona chinthu chimene chikundithandiza mpaka lero: ntchito zambiri za manja zimadzibwereza zokha. Mmisiri sapanga mbaula imodzi patsiku. Ndiye pa mbaula yoyamba umajambula uli patali, kuti aoneke iye, shedi yake, msewu ndi anthu odutsa. Pa yachiwiri umasendera pamanja. Pa ina umakwera pankhope, pamene pamaoneka mmene amatsinzinira diso limodzi poyeza ngati lata lawongoka. Pa inanso umaima kumbuyo kwa phewa lake kuti woonera aone zimene mmisiriyo akuona. Palibe pamene wamuuza kuti abwereze, koma ukakhala pa kompyuta uli ndi zonse zolumikizira nkhani.

Shoti iliyonse, kutanthauza chimene wajambula kuyambira poyatsa kamera mpaka pozimitsa, uigwire osasuntha, uwerenge mumtima mpaka teni, ngakhale zikuoneka ngati palibe chikuchitika. Ophunzira ambiri amazimitsa msanga, kapena amayendetsa kamera uku ndi uku pofuna kutola zonse nthawi imodzi, mapeto ake palibe chogwirika. Usamadumphenso mzere. Pakati pa mmisiri ndi kasitomala amene akunenerera naye mtengo pali mzere wosaoneka. Ukayamba uli mbali ino, khala mbali yomweyo. Ukawolokera tsidya linalo, pa sikirini onse awiri amaoneka akuyang'ana kumodzi, woonera n'kusowa kuti akulankhula ndi ndani.

Kenako pali dzuwa lathu. Mavidiyo ambiri ophunzitsa kujambula amene timaonera pa YouTube amachokera kumayiko kumene dzuwa limayenda chapansi, ndipo ojambulidwa ake ndi oyera khungu. Kuno, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko, kuwala kumagwa kuchokera pamwamba, ndipo chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limafika paliwombo penipeni. Maso a munthu amalowa mumdima, chipumi ndi mphuno n'kumanyezimira thukuta, kumbuyo kwake khoma la laimu kapena bwalo losesa lili mbee. Kamera ukaisiya pa auto imayeza kuwala kwa kumbuyoko n'kudetsa chithunzi chonse, munthu wako n'kusanduka chithunzithunzi. Yeza kuwala pankhope ya munthu. Thambo likapsa, lipse. Filimu si ya thambo. Zebra, timizere tija timene kamera imaonetsa pamalo owala mopyola, ndimaiyatsa nthawi zonse kuti ndidziwe chimene ndikutaya ndi chimene ndikusunga.

Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho jambula pa mafelemu 25 pa sekondi, shutter, nthawi imene felemu iliyonse imalandira kuwala, pa 1/50 ya sekondi. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndipo ukajambula nawo m'tchalitchi kapena m'kalasi moyaka machubu, chithunzi chimaphethiraphethira. Vuto n'loti 1/50 padzuwa la masana imalowetsa kuwala kochuluka zedi, n'chifukwa chake ND filter, galasi lakuda lija lovekera kutsogolo kwa lenzi, ndi yoyamba kugula usanaganize za lenzi yachiwiri. White balance, imene imauza kamera mtundu wa kuwala kwa pamalopo, uikhazike wekha, panja cha m'ma 5600K, kuti mtundu wa khungu usamasinthesinthe mtambo ukadutsa.

Pali fashoni imene yagwira ojambula ambiri masiku ano, yotsegula lenzi mpaka f/1.8 kuti kumbuyo konse kusungunuke, munthu yekha aoneke. Paukwati n'zokongola. Pa filimu ya chikhalidwe ndimaikana, chifukwa kumbuyoko n'kumene kuli theka la nkhani: nkhokwe, thandala la mbale, mwana wobereka mnzake, njinga yotsamira pakhoma. Panja ndimakonda kutsekako lenzi, pa f/5.6 kapena f/8, kuti kumbuyoko kuzionekanso. Zimathandizanso kuti munthu akasuntha mwadzidzidzi asatuluke mu fokasi. Malo abwino ojambulira munthu akulankhula ndi pakhonde, pamene kuwala kumabwera chammbali n'kuonetsa nkhope yonse. Pansi pa mtengo wa mango pamakopa, koma timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba timavina pankhope mphepo ikawomba. M'khitchini ya kumudzi nyale yako ndi chitseko: usaime pakhomo n'kutseka kuwala, lowa ukhale pambali pake. Ndipo uzikumbukira kuti kuwala kokoma kwa madzulo kuno sikuchedwa. Dzuwa likangofika pamwamba pa mitengo, mdima uli panjira.

Za mawu ndinene motsindika, chifukwa anthu amapirira chithunzi chofooka koma sapirira mawu osamveka. Maikolofoni ya pakamera imamva iwe wojambula kuposa munthu amene ali patsogolo pako. Kamaikolofoni kokoleka pamalaya n'kotchipa ndipo kamasintha zonse. Mphepo ya Julayi ndi Ogasiti imafuna chovala chaubweya chija cha maikolofoni, siponji yokha siikwanira. Jambula pa 48 kHz, mawu okwera azifika cha pa -12 dB, ndipo mahedifoni asachoke m'makutu. Khutu la munthu limasankha chomva, maikolofoni siisankha: chigayo cha kutsidya kwa dambo, njinga yamoto ya kabaza, mbuzi yomangidwa kuseri, mvula pamalata, zonse zimalowa. Zina ndi mawu a pamalopo ndipo n'zoyenera kumveka. Koma wailesi ikamalira pakhonde upemphe mwaulemu kuti aizimitse, chifukwa nyimboyo imadukaduka ukamalumikiza mashoti, ndiponso ili ndi mwini wake amene ufulu wake umayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Ukamaliza, pempha onse akhale chete mphindi imodzi ujambule phokoso la malowo palokha. Pokonza filimu mphindi imeneyo imakupulumutsa.

Zonsezi ndinaziyesa mokwanira pojambula agogo ena oumba mbiya m'mudzi wina kupitirira Mitundu. Kumudzi sumangofikira pakhomo pa munthu ndi kamera. Ndinadzera kwa mdzukulu wawo amene timapemphera mpingo umodzi, iye n'kunditengera kwa amfumu, kumene ndinafotokoza kuti ndine yani, kwathu n'kuti, filimuyo ndi yachiyani ndipo idzaonetsedwa kuti. Amfumu anafunsa mafunso awo, n'kutuma mnyamata kuti atiperekeze. Ulendo umenewo kamera inatsala m'chikwama. Ndinakhala pamphasa, ndinadya mbatata yootcha, ndinathandiza kusenza mtapo kuchokera kudambo, ndipo nthawi yonseyo ndinkaloweza: akamaumba amakhala pati, dzuwa limafika nthawi yanji pamenepo, ndani amabwera kudzacheza.

"Nanga chojambuliracho chili kuti, mwanawe?" anandifunsa agogowo. "Anzako aja amangofika n'kutijambula, osakhala ndi pansi pomwe."

"Agogo, ndiyambe ndaona kaye mmene mumachitira."

"Wachita bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbiya siiumbidwa tsiku limodzi."

Munthu woumba amakhala pansi. Ukamujambula utaimirira, kamera imamuyang'ana chotsika, ndipo woonera amaona munthu wochepa, wofuna chithandizo. Zithunzi zambiri za amayi akumudzi zimene timaona m'malipoti zili choncho, ndipo zimandiwawa mtima. Khala pansi, kamera pamwendo kapena pa tripod, miyendo itatu ija yokhazikapo kamera, yofupikitsa, lenzi ilingane ndi maso ake. Pamenepo m'pamene pamaoneka kuti ameneyu ndi katswiri ali pantchito yake.

Agogo amasinja mtapo, amachotsa timiyala ndi mizu, n'kuukanda ndi madzi mpaka ufewe. Amaukhazika paphale, amaboola pakati ndi chibakera, n'kumaukokera m'mwamba, dzanja lina mkati lina kunja, uku akuzungulitsa phalelo. Akafika pamimba ya mbiya amawonjezera zingwe za mtapo zopota m'manja. Chitsononkho chimasalaza kunja. Mbiya ikayamba kulimba amaikulungiza ndi nkhulungo mpaka iwale. Zonsezi zimadzibwereza, ndipo ndinazitola monga ndinachitira kwa mmisiri wa mbaula. Koma mlomo wa mbiya ndi wina. Amapana kansalu konyowa pakati pa zala, amakagwiritsa m'mphepete, n'kuzungulira kamodzin'kamodzi osaima, mlomo n'kutuluka wopindika bwino. Zimatenga masekondi ochepa. Chifukwa ndinali nditaonerera kale, ndinkadziwa chizindikiro chake: asanayambe amapukuta manja pachitenje, n'kuviika kansaluko m'chikho. Ndikangoona apukuta manja, ndinkayatsa kamera, fokasi ili kale pamlomo wa mbiya. Shoti imeneyo sindinaidule pokonza filimu, chifukwa luso lonse lili m'kusaimako. Ukaidula pakati, woonera sangadziwe kuti dzanja linayenda ulendo umodzi.

Pakati pa ntchito anthu amabwera. Mnzawo wa agogo ankafika ndi nkhani za mtengo wa feteleza, wina kudzabwereka sefa, ana kudzasuzumira mu kamera mpaka atatopa nayo. Kutopa kwawoko n'kumene umadikira. Anthu akasiya kukuona m'pamene filimu imayamba. Tsiku lina kamdzukulu kakakazi kanakhala pambali n'kumaumba kamphika kake, agogo osakayang'ana n'komwe, koma khoma la kamphikako litayamba kupendekeka anangotambasula dzanja, kuliwongola ndi chala chimodzi, n'kupitiriza nkhani ya feteleza. Mafunso zana sakanandiuza bwino choncho mmene luso limeneli limachokera kwa wamkulu kupita kwa mwana. David ndi Judith MacDougall, amene anajambula Ajie a ku Uganda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo kenako Aturkana a ku Kenya, amakumbukiridwa pa chimenechi: m'malo moika mzungu wofotokoza pamwamba pa zithunzi, anasiya anthu azilankhulana okha m'chinenero chawo, iwo n'kulemba tanthauzo lake m'munsi mwa sikirini. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, chifukwa timamva zimene zikunenedwa nthawi yomweyo, ndipo timadziwa kuti kamera itembenukire kwa yani mawu asanathe.

Kuotcha mbiya ndiye kosabwereza. Agogo anasankha madzulo mphepo itagwa. Anayala nkhuni, anasanja mbiya mozondotsa, n'kufunditsa makungwa ndi udzu. Ndinali nditaika batire latsopano ndi khadi lopanda kanthu, nditasankhiratu poima, mbali yochokera mphepo kuti utsi usandiphimbe, ndiponso patali ndithu chifukwa moto wa udzu umalusa mwadzidzidzi. Kuwala kumasintha mphindi iliyonse, malawi akukwera uku dzuwa likulowa, ndiye chala chimakhala pa ISO, batani lokweza kapena kutsitsa mmene kamera imamvera kuwala. Moto utazilala anayamba kuvuula mbiya ndi ndodo yaitali, n'kumaziwaza madzi oviikamo makungwa, zili tswee, mawanga akuda n'kumatuluka. Kenako munamveka kuti thi! m'phulusa. Nkhali yaikulu, imene anaigwirira ntchito kuposa zonse, inang'aluka. Pamenepo wojambula amasankha m'kuphethira kwa diso: kuthamangira kunkhali kapena kukhala pankhope. Ndinakhala pankhope. Sanalankhule. Anayang'ana kanthawi, n'kutembenukira kwa mnzawo kuti, "Mtapo wa chaka chino uli ndi mchenga," n'kuvuula mbiya yotsatira. Nkhali yosweka ndinaijambula pambuyo pake, popeza phale silithawa.

Nkhani yokonzeratu zochitika ndi yakale ngati filimu zimenezi. Robert Flaherty, pojambula Ainuit a kumpoto kwa Canada m'filimu imene inatuluka mu 1922, anawamangitsa nyumba ya chipale yotseguka mbali imodzi kuti kuwala kulowe, ndipo anawasakitsa ndi mikondo pamene iwo anali atayamba kale kugwiritsa ntchito mfuti. Mpaka lero anthu amatsutsana za iye. Ine malire anga ali apa: kupempha munthu kuti asendere pafupi ndi chitseko kuti nkhope ioneke, ngati iye sakuona vuto, ndimachita. Koma kuchotsa chigubu cha pulasitiki, kubisa sola ya padenga, kuuza mayi kuti avule nsapato kapena abise foni kuti pazioneka pachimudzi, limenelo ndi bodza. Agogo aja amatunga madzi oumbira mbiya m'chigubu chachikasu, ndipo chigubucho n'chimene chalanda msika wa mitsuko yawo. Ukachichotsa pachithunzi wachotsa nkhani yeniyeni.

Za Gule Wamkulu ndilankhule mosamala, chifukwa n'kumene achinyamata ambiri amathamangira. UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse padziko, n'kumulemba m'kaundula wake mu 2008 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kutchuka kumeneko sikunachotse mwambo. Gule ali ndi eni ake: mfumu ya mzinda, atsabwalo, akuluakulu a kudambwe. Chimene chatuluka pabwalo kuti anthu onse aone, ukapempha bwino, kawirikawiri amalola. Kudambwe ndi kuliunde si kwa kamera, ngakhale iwe mwini utakhala kuti unagula njira. Zoom yako isakasuzumire kumene miyendo yako siiloledwa kufika, ndipo drone ndi chimodzimodzi. Ukatola mwangozi chimene sichiyenera kuoneka, uwauze eni ake ndipo uchifufute iwo akuona.

Pabwalo, atsabwalo akakusonyeza poima, pempha chakufupi ndi oimba ng'oma, chifukwa chilombo chimabwera kudzavinira kumeneko, ndipo mbalule, ng'oma yotsogolera, imatsata mapazi ake. Jambula thupi lonse. Ojambula ambiri amakakamira kumutu kwa chilombo n'kudula miyendo, pamene kuvina kuli m'mapazi, m'chiuno ndi m'fumbi limene likubuka. Amayi oimba ndi kuwomba m'manja asatsale kunja kwa chithunzi, popeza gule amavina poyankhana nawo, ndipo phunziro la chilombo chilichonse lili m'mawu a nyimbo yake. N'chifukwa chake chojambulira mawu chachiwiri, ngakhale ikhale foni, ndimachiika mbali ya amayi. Chikakhala pang'oma mawu onse amamira. Tsitsanso mphamvu ya maikolofoni ng'oma zisanayambe. Nyimbo imodzi uijambule yathunthu, kuyambira pamene chilombo chikulowa mpaka chitatuluka, ndipo pokasupa upite ngati wina aliyense. Usasinthe lenzi pabwalo, fumbi lake limalowa mpaka mkati mwa kamera.

Uzikumbukiranso chimene gule wabwerera. Nthawi zambiri ndi maliro, chiliza, chinamwali kapena kulonga ufumu. Ngati ndi maliro, pali anamfedwa amene sanabwere kudzaonetsa chikhalidwe. Kamera pankhope ya mayi akulira m'siwa, popanda chilolezo cha banja, n'kupanda umunthu, kaya chithunzicho chikhale champhamvu chotani. Amene akufuna kumvetsa zimene adzaone pabwalo, monga kusiyana kwa Kasiyamaliro, Chadzunda, Maliya ndi Kapoli, akwere basi apite ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zifaniziro za gule mazanamazana ndi matanthauzo ake. Tsiku limodzi kumeneko limakusintha maso.

Chilolezo si siginecha papepala la Chingerezi limene munthu sanaliwerenge. Ndimafotokoza m'Chichewa, kamera ikujambula, kuti filimuyi ikaikidwa pa Facebook kapena YouTube adzaiona ndi apongozi awo, abusa awo, ngakhale mwana wawo amene ali ku Johannesburg, ndipo ikafika kumeneko siibwezeka. Kenako ndimafunsa ngati pali zimene sakufuna zioneke. Ana ndimapempha kwa makolo. Chilolezo cha amfumu chimakutsegulira mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo cha munthu amene kamera yamuloza. Za ndalama muzikambirana poyamba, poyera, pali mboni. Munthu amene wasiya dimba lake chifukwa cha iwe wataya tsiku, ndipo n'koyenera kumubwezera. Chimene sindichita ndi kulipira kuti munthu anene kapena achite chakuti, chifukwa ukatero wagula sewero. Kwa agogo tinagwirizana za masiku awo, ndipo mbiya zina ndinagula pamtengo wa pamsika. Usalonjezenso mjigo kapena malata pamene uli ndi kamera yokha.

Kukonza filimu ndimachitira pa DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchito yonse, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu pang'ono. Ndisanadule kalikonse ndimalemba mawu onse amene analankhulidwa, m'Chichewa momwe anatulukira, ndi Chichewa cha kumudzi chomwecho osachiwongola. Ngati pakufunika mawu a Chingerezi m'munsi mwa sikirini, asapyole mizere iwiri, ndipo asamufupikitse munthu nzeru: mayi akalankhula mwambi, womasulira avutike nawo mpaka upezeke, osati kungolemba chiganizo chozizira. Filimu yokaonetsa pagulu m'holo imayenera kudutsa ku Censorship Board, ndiye uziwerengera nthawi imeneyo.

Isanafike kuholo, filimu ibwerere kumene inachokera. Jean Rouch, Mfalansa amene anajambula kwambiri ku Niger, anaonetsa asodzi a mumtsinje wa Niger filimu ya ulenje wawo wa mvuu m'zaka za m'ma 1950. Iwo anadandaula ndi nyimbo imene anaikamo, ati nyimbo imalimbitsa mtima mvuu, ulenje umafuna chete. Iye anamvera, ndipo kubweza filimu kwa eni ake kunakhala mbali ya ntchito yake. Ine ndinatenga laputopu ndi sipika kupita nazo kwa agogo, tinakhala pakhonde madzulo, mudzi wonse unadzaza. Anaseka poona nkhuku ikujompha mtapo, anakhala chete pankhali ija. Itatha, agogo anati, "Wajambula bwino, mwanawe, koma wafulumiza moto. Wina akaonera adzaumba lero n'kuotcha mawa, zonse zidzaphulika. Mbiya imayamba yagona m'nyumba, pamthunzi, mpaka iume yokha." Ndinabwereranso kukajambula mbiya zitandandalikidwa m'kachipinda kamdima, agogo akuzigogoda ndi chala n'kumvetsera kulira kwake kuti adziwe ngati zauma. Mbali imeneyo ndi imene amisiri ena oumba amaiyamikira kwambiri akaonera filimuyo.

Pochoka ndinawasiyira filimu pa memori khadi, m'fayilo yaing'ono yoti itseguke ngakhale pa kafoni ka mabatani, ina n'kusiya kwa amfumu. Zojambula zonse zosadula ndimazisunga pa ma hard drive awiri okhala nyumba zosiyana, ndipo sindifufuta khadi la m'kamera ndisanatsegule mafayilo pa onse awiri n'kuona kuti akusewera. Foda iliyonse ili ndi tsiku, mudzi ndi dera la mfumu yaikulu, ndipo m'kope ndimalemba amene anaoneka, nyimbo zimene zinaimbidwa, ndi zimene eni ake anati zisaonetsedwe, kuti aliyense wodzagwira mafayilowo pambuyo panga adzadziwe pamene pali malire.